Kodi "lore" n'chiyani kwa a Heathen? Mafunso ndi mayankho

Amene wakhalapo pakati pa a Heathen akamatsutsana anamvapo funso ili: "Zimenezo zili mu lore?" Funsoli limatha kuthetsa mkangano, komanso limatha kuyambitsa wina waukulu kuposa woyambawo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa anthu amene angomva kumene za chipembedzochi, ena atachionera m'mafilimu a ma Viking, ena atakumana ndi mnzawo wa kuntchito ku Britain atavala kanyundo kasiliva m'khosi.

Kodi a Heathen ndi ndani?

Ndi anthu a masiku ano amene akuyesa kudzutsa chipembedzo chimene anthu a ku Scandinavia, Iceland, England, Germany ndi madera oyandikana nawo ankatsatira Chikhristu chisanafike. Milungu yawo ndi monga Odin, Thor, Freyr, Freyja, Frigg ndi Týr. Amalemekezanso mizimu ya makolo ndi mizimu ya malo. Ena amadzitchula kuti ndi a Ásatrú, ena a Forn Sed, kutanthauza mwambo wakale.

Dzina lakuti Heathen ndi lomwe lija kutchalitchi timati "wachikunja". Poyamba linali lonyoza, koma eni ake analitola n'kulivala ngati malaya awoawo.

Chipembedzochi m'maonekedwe ake a lero si chakale. Ku Iceland bungwe la Ásatrúarfélagið linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo boma linalivomereza mu 1973. Mtsogoleri wake woyamba anali Sveinbjörn Beinteinsson, mlimi komanso mlakatuli wa ndevu zazitali zoyera. Ku Britain ndi ku America magulu ena anayamba m'zaka zomwezo, ndipo The Troth, limodzi mwa mabungwe odziwika ku America, linabadwa mu 1987.

Nanga lore n'chiyani?

Ndi umboni wonse umene unatsala wa zimene anthu akalewo ankakhulupirira ndi kuchita: ndakatulo, nthano za milungu, mbiri za mabanja, malamulo akale, zolemba za alendo amene anawaona kapena kumva za iwo. Ambiri amawonjezerapo zofukulidwa pansi ndi mayina a malo.

M'Chichewa mulibe liwu limodzi loti n'kulowa bwinobwino pamenepa. "Nthano" likuchepa, chifukwa malamulo si nthano. "Miyambo" likupitirira, chifukwa mwambo umakhala ndi akuluakulu amoyo amene anaulandira kwa akuluakulu anzawo. A Heathen alibe akuluakulu otero. Chingwe chinaduka zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo m'madera ena kale kwambiri kuposa pamenepo. Palibe gogo woti ukamufunse kuti nsembe ankathira bwanji. Chimene chilipo ndi zikopa zolembedwa, miyala ndi manda. N'chifukwa chake iwo eni amaseka kuti chawochi ndi chipembedzo chokhala ndi homuweki.

Ndiye kuti Edda ndi Baibulo lawo?

Ayi. Edda ndi mabuku akale a ku Iceland a ndakatulo ndi nthano za milungu, koma palibe msonkhano umene unakhala pansi n'kusankha kuti mabuku awa ndi opatulika, awa ayi. Palibenso amene amanena kuti mawuwo anauziridwa ndi milungu. Hilmar Örn Hilmarsson, amene anatenga utsogoleri wa bungwe la ku Iceland mu 2003, ananenapo poyera kuti nkhani ya mulungu wa diso limodzi wokwera hatchi ya miyendo 8 amaitenga ngati fanizo la ndakatulo. Ku America mupeza ena okhulupirira kuti milunguyo ilipodi monga mmene inu mulili. Onsewa amawerenga mabuku amodzimodzi.

Koma tisanamizane. Alipo a Heathen amene anakulira m'matchalitchi, ndipo chizolowezi cha chaputala ndi vesi anabwera nacho. Amakugenda ndi ndime ya Hávamál, imodzi mwa ndakatulo za mu Edda, ngati mlaliki wa m'basi. Anzawo amawadzudzula kuti asintha buku koma mutu ndi womwe uja.

Ndamva kuti Edda zilipo ziwiri. Zimasiyana bwanji?

Yoyamba ndi Edda ya ndakatulo. Zambiri mwa ndakatulozi zili m'buku limodzi lolembedwa pamanja ku Iceland cha m'ma 1270, lotchedwa Codex Regius. Mukaliona mukhoza kukhumudwa. Ndi kabuku kakang'ono ka zikopa 45 zokha, zodera ngati fodya wouma, zilembo zothithikana chifukwa chikopa chinali chodula. Pakati pake pakusowa zikopa 8, ndipo zimene zinali pamenepo zinapita. Amene analemba sanasiye dzina. Mu 1643 bukuli linafika m'manja mwa bishopu Brynjólfur Sveinsson, iye n'kulipereka kwa mfumu ya Denmark mu 1662. Linakhala ku Copenhagen zaka zoposa 300. Pobwerera kwawo mu April 1971 sanalikweze ndege, poopa ngozi. Linabwera pa sitima yapamadzi ya asilikali, ndipo khamu la anthu linakalichingamira padoko ku Reykjavík.

M'kabuku kameneka ndimo muli Völuspá, mmene mayi wolosera akufotokoza chiyambi ndi mathero a dziko, ndi Hávamál, malangizo oikidwa m'kamwa mwa Odin. Ndime ya Hávamál imene a Heathen amakonda kunena pamaliro imati ziweto zimafa, abale amafa, iwenso udzafa, koma mbiri yabwino ya munthu siifa. Kabukuka kakanapsa kapena kumira, mbali yaikulu ya zimene tikukambirana pano ikanapita nako.

Yachiwiri ndi Edda ya Snorri Sturluson, yolembedwa cha m'ma 1220. Snorri anali munthu wolemera, wandale, katswiri wa malamulo, ndipo adani ake anamupha kwawo ku Reykholt mu 1241. Buku lake silinali la mapemphero. Linali lophunzitsa alakatuli achinyamata. Ndakatulo zakale zinkakonda kuzungulira: m'malo monena kuti "golide" mlakatuli ankati "misozi ya Freyja" kapena "tsitsi la Sif". Mwana wobadwira m'Chikhristu sakanamva zimenezi popanda kudziwa nkhani yake. Ndiye Snorri anasonkhanitsa nkhanizo, kuzisanja, n'kuzifotokoza mokoma. Zambiri zimene anthu amati "nthano za ma Viking" ndi Snorri amene akulankhula.

Ngati analemba ndi Akhristu, zingakhale bwanji lore ya anthu osakhala Akhristu?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Iceland inalandira Chikhristu mu 999 kapena 1000, pa msonkhano wa dziko lonse wotchedwa Alþingi. Mbali ziwirizo zitatsala pang'ono kumenyana, nkhani anaisiya m'manja mwa Þorgeir, wonena malamulo, amene iye mwini sanali Mkhristu. Anagona pansi atafunda chikopa kumutu usana ndi usiku, ndipo podzuka anagamula kuti dziko likhale ndi lamulo limodzi, onse abatizidwe. Kuchokera tsiku limenelo kufika pamene Snorri ankalemba panadutsa zaka zoposa 200. Werengani nokha mibadwo imene ili pakatipo.

Snorri sanabise mbali imene anali. Mawu oyamba a buku lake akuyamba ndi Mulungu kulenga kumwamba ndi dziko lapansi, Adamu ndi Hava, chigumula cha Nowa. Kenako akuti Odin ndi anzake anali anthu chabe, mafumu ochokera ku Troy amene anasamukira kumpoto, ndipo anthu a kumeneko anawayesa milungu. A Heathen ambiri gawo limeneli amalilumpha, n'kuyamba kukhulupirira tsamba lotsatira. Wolembayo ndi yemweyo.

Izi sizikutanthauza kuti Snorri anapeka zonse. Nthawi zambiri amatchula ndime za ndakatulo zakale ngati mboni zake, ndipo zina mwa ndakatulozo zinapekedwa ndi alakatuli odziwika mayina amene anakhalako Chikhristu chisanafike. Kapangidwe kake n'kolimba kwambiri, mawu omangana ngati nsungwi za nkhokwe, moti n'kovuta kusintha liwu limodzi ndakatulo yonse osaphwasuka. Nkhani ya Thor akuwedza chinjoka cha m'nyanja ndi mutu wa ng'ombe ilinso yojambulidwa pa miyala ku Sweden, ku Denmark ndi ku Gosforth ku England, yonse yakale kuposa Snorri. Pamenepo palibe wokayika.

Koma taonani imfa ya Baldr. Kwa Snorri, Baldr ndi mulungu wokoma mtima, wokondedwa ndi onse. Loki, kathyali wa pakati pa milungu, ananyengerera Höðr, m'bale wakhungu wa Baldr, kuti amuponyere kamtengo kaja komera pa nthambi za mitengo inzake, ndipo Baldr anafa. Saxo Grammaticus, amene ankalemba m'Chilatini ku Denmark cha m'ma 1200, akufotokoza zina. Kwa iye Baldr ndi Höðr ndi asilikali olimbirana mkazi, Nanna. Höðr si wakhungu, akupha mnzakeyo ndi lupanga, ndipo Loki mulibemo. Yoona ndi iti? Zonse ziwiri ndi lore. Mwina ku Denmark ankaisimba mwina, ku Iceland mwina. Mwina aliyense wa olembawo anaikonza kuti imukomere. Munthu wowerenga bwino amasunga zonse ziwiri, ndipo akamalankhula amati "Snorri akuti", osati "makolo ankakhulupirira kuti".

Kodi ma saga nawo amawerengedwa?

Eya, koma mosamala. Saga ndi nkhani zazitali za mabanja ndi mafumu, zambiri zolembedwa m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300 zokhudza anthu a m'ma 900. Ndi mbiri yosakanikirana ndi luso la wosimba.

Kufunika kwake n'kwakuti ma Edda amanena za milungu koma sanena kwenikweni za mapembedzedwe. Mwambo wansembe wotchedwa blót, kufotokoza kwake kotchuka kuli mu saga ya mfumu Hákon Wabwino, m'buku la Heimskringla limene anthu amati analembanso ndi Snorri. Alimi ankasonkhana ndi chakudya ndi mowa. Ankapha ziweto, ngakhale mahatchi. Magazi ankawaza pa maguwa, pa makoma ndi pa anthu, nyama n'kuphika m'miphika pakati pa nyumba. Chikho choyamba chinali cha Odin, chopempha chipambano. Kenako cha Njörðr ndi Freyr, chopempha zokolola ndi mtendere. Kenako cha abale amene anagona. Amene amadziwa Eksodo 24 waona kale vuto: kuwaza magazi pa guwa ndi pa anthu kukufanana kwambiri ndi zimene anachita Mose, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti wolembayo anadzaza mpata ndi zimene ankamva kutchalitchi.

Mu saga yomweyo muli kankhani kokoma. Hákon anali Mkhristu, ndipo atamukakamiza kumwa pa phwando ku Hlaðir, anachita chizindikiro cha mtanda pamwamba pa chikho. Anthu atayamba kung'ung'udza, mnzake Sigurðr anamuteteza kuti mfumu yachita chizindikiro cha nyundo ya Thor. Lero a Heathen ambiri amachita chizindikiro cha nyundo pa chakumwa chawo, ndipo umboni wake waukulu ndi bodza limene munthu ananena populumutsa mnzake.

A Heathen ambiri masiku ano sapha chiweto. Amathira mowa wa uchi pansi kapena m'mbale. Pa mwambo wina wotchedwa sumbel nyanga ya ng'ombe yomwera imazungulira katatu: milungu, makolo, kenako lumbiro kapena chimene munthu akunyadira. Nyanga yake ndi chikho chabe, si nyanga zija mukuziganizazo. Kuzungulira katatuko ndi dongosolo la masiku ano lomangidwa pa zidutswa zakale.

Nanga zimene analemba alendo?

Zimawerengedwa, ndipo mayina atatu ndi amene amamveka kwambiri. Tacitus, Mroma, analemba Germania mu 98. Iye ndi amene amatiuza za mulungu wamkazi Nerthus woyendetsedwa pa ngolo ya ng'ombe. Adam wa ku Bremen analemba cha m'ma 1075 za kachisi wa ku Uppsala ku Sweden wokutidwa ndi golide, ndi nsembe ya pa zaka 9 zilizonse pamene anthu ndi nyama ankapachikidwa m'mitengo. Adam sanapondeko ku Uppsala, ankalembera bishopu, ndipo kachisi wagolideyo ofukula sanamupeze. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Wachitatu anaona ndi maso ake. Ahmad ibn Fadlan, nthumwi yochokera ku Baghdad, anakumana ndi amalonda otchedwa Rus m'mbali mwa mtsinje wa Volga mu 922, ndipo anaonerera maliro a mkulu wawo: thupi kuliika m'chombo, kapolo wamkazi kuphedwa kuti aperekeze mbuye wake, zonse n'kutenthedwa. Koma naye ankamva kudzera mwa womasulira, ndipo anthuwo anali atakhalitsa pakati pa mitundu ina.

Mayeso ake ndi omwe aja a Snorri: wolembayo ndani, analemba liti, anaona kapena anamva, ndipo ankafuna kusangalatsa ndani.

Kodi lore yonse ndi ya ku Iceland?

Yochuluka ndi ya kumeneko, chifukwa anthu a pachilumbapo ankakonda kulemba m'chinenero chawo. Amene amatsatira milungu ya ku England kapena ku Germany ali ndi nyenyeswa chabe.

Ku Germany kuli timapemphero tiwiri ta matsenga topezeka ku Merseburg mu 1841, tolembedwa pa tsamba la buku la tchalitchi. Kamodzi kakuti Wodan, amene ndi Odin wa kumeneko, anachiza mwendo wa hatchi: fupa ku fupa, magazi ku magazi, chiwalo ku chiwalo. Kuli lumbiro la ubatizo la a Saxon limene wobatizidwa ankakana Thunaer, Uuoden ndi Saxnot. Mndandanda wa zoyenera kukana unasanduka umboni wa zimene ankapembedza.

Ku England kuli Beowulf, ndakatulo yachikhristu yokumbukira dziko lakale, ndi Bede, mmonke amene mu 725 analemba za mayina a miyezi. Mulungu wamkazi Eostre, amene akuti dzina la Pasaka m'Chingerezi, Easter, linachokera kwa iye, amatchulidwa ndi Bede yekha, m'mizere yochepa. Za akalulu ndi mazira zimene zimayenda pa Facebook nyengo ya Pasaka, Bede sananene. Ndipo aliyense amene anaphunzira Chingerezi ali ndi kachidutswa kake m'kamwa: pamene ife timangowerenga Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Angerezi akutchula Tiw, Woden, Thunor ndi Frig.

Mkangano ulipo ngati n'koyenera kutenga nkhani ya ku Iceland ya m'ma 1200 n'kumatira pa Woden wa ku England wa m'ma 500. Mayina ndi achibale, koma wachibale si mwini wake.

Zofukulidwa pansi ndi lore?

Ena amati lore ndi zolembedwa zokha, zofukulidwa ndi umboni wothandizira. Ine ndimaona kuti kusiyanitsako kulibe phindu, chifukwa zofukulidwazo n'zimene zinachokera m'manja mwa opembedzawo popanda Mkhristu pakati. Vuto lake n'lakuti sizilankhula. Anthu anakhala akupeza tizitsulo tovala m'khosi tooneka ngati chilembo T, n'kumatsutsana ngati ndi nyundodi. Mu 2014 ku Købelev ku Denmark kunapezeka kamodzi kolembedwa kuti ndi nyundo. Mu 2020 ku Vindelev kunapezeka golide wokwiriridwa, ndipo mu 2023 akatswiri analengeza kuti pa kamendulo kena ka m'ma 400 pali mawu akuti "iye ndi munthu wa Odin". Dzina la Odin lolembedwa linabwerera m'mbuyo ndi zaka zoposa 100 tsiku limodzi.

Mayina a malo amaulula zimene mabuku anaiwala. Mulungu wotchedwa Ullr satchulidwa kwambiri m'ma Edda, koma ku Sweden ndi ku Norway malo ambiri ali ndi dzina lake, monga Ullevi. Zikuoneka kuti anali wamkulu, koma nkhani zake sizinafike kwa olemba.

Kodi UPG n'chiyani?

Ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza chidziwitso chimene munthu wachilandira payekha, m'maloto, m'pemphero kapena pa mwambo, chimene mabuku akale sakuchitsimikiza. Anthu ambiri osadziwana akalandira chofanana amati SPG, chidziwitso chogawana. Chitsanzo chimene amakonda kupereka n'chakuti Freyja amakonda masitiroberi. Palibe ndakatulo yakale yonena zimenezo, koma mukapita pa maguwa a anthu ambiri mupeza kambale ka zipatsozo.

UPG si mlandu. Popanda iyo chipembedzochi sichingayende, chifukwa mipata ndi yochuluka kuposa zodzaza. Chimene anthu amadana nacho ndi kubisa. Ukanena kuti "ichi n'changa, ndinachilota", ambiri amakumvera. Ukanena kuti "ma Viking ankachita chonchi" pamene unachilota dzana, akufunsa buku ndi ndime, ndipo manyazi akugwira.

Ndi zinthu ziti zimene anthu amaziyesa zakale pamene n'zatsopano?

Zilipo zambiri. Makhalidwe Abwino 9, amene mumawaona pa zithunzi ndi pa malaya, analembedwa m'zaka za m'ma 1970 ndi gulu la Odinic Rite ku Britain. Anatolatola maganizo mu Hávamál ndi m'ma saga, koma mndandandawo palibe wa kale amene anauona. Chizindikiro cha vegvísir, chimene anthu amadinda pakhungu n'kumati ndi kampasi ya ma Viking, chimapezeka m'buku lolembedwa pamanja ku Iceland mu 1860, zaka pafupifupi 800 nthawi ya ma Viking itatha. Chizindikiro cha zojambula zitatu za makona atatu zolukana n'chakaledi, chili pa miyala ya ku Gotland ku Sweden, koma dzina lakuti valknut anachipatsa ndi anthu a posachedwa. Mwambo wodalitsa mbali zinayi za dziko ndi nyundo unabwerekedwa ku magulu a zamatsenga a ku Ulaya a zaka zaposachedwa. Zipewa za nyanga zinatchuka ndi zovala za zisudzo za Wagner, wopeka nyimbo wa ku Germany, mu 1876.

Ngakhale "maiko 9" ali ndi vuto. Völuspá imatchuladi kuti maiko alipo 9, koma palibe buku lakale limene limawandandalika. Mapu okongola a mtengo wa Yggdrasil okhala ndi dziko lililonse pa nthambi yake ndi ntchito ya ojambula a masiku ano.

Za mafilimu tisataye nthawi. Loki si m'bale wa Thor monga mafilimuwo amanenera. M'ndakatulo ya Lokasenna iye akukumbutsa Odin kuti awiriwo anasakaniza magazi, ndipo Thor wa m'ma saga ndi wa ndevu zofiira.

Kodi kuombeza ndi ma rune kuli mu lore?

Pang'ono, koma osati mmene amagulitsira. Ma rune anali zilembo. Akale kwambiri analipo 24, ndipo m'nthawi ya ma Viking anatsika kufika pa 16. Ku Bergen ku Norway anafukula timitengo mazanamazana tolembedwa ma rune, ndipo zambiri ndi za malonda, za chikondi, za tsiku ndi tsiku. Kena kakuti "Gyða akuti uzipita kunyumba". Mwina mwamunayo anali ku mowa.

Zoti ankagwiritsanso ntchito pa matsenga, umboni ulipo. Mu saga ya Egill, mtsikana akudwala chifukwa mnyamata wina anasema ma rune molakwika pa fupa la namgumi n'kuliika pogona pake. Egill akupala zilembozo, kuzitentha, n'kusema zolondola. Za ula, Tacitus akuti ankadula nthambi ya mtengo wobala zipatso m'tizidutswa, kuikapo zizindikiro, n'kumwaza pa nsalu yoyera. Sananene kuti zizindikirozo ndi ma rune.

Kathumba ka miyala 24, uliwonse ndi tanthauzo lake lolembedwa m'kabuku, ndi ka m'zaka za m'ma 1900. Mwala wa 25 wopanda chilembo unabwera ndi Ralph Blum mu 1982. Ambiri amaombeza ndi ma rune ndipo amati zimawathandiza. Onani yankho la UPG.

Kodi a Heathen onse akamwalira amapita ku Valhalla?

Lore siinena choncho. Valhalla, nyumba yaikulu ya Odin, ndi ya ofera kunkhondo, ndipo ngakhale iwowo, ndakatulo ya Grímnismál ikuti theka amatengedwa ndi Freyja. Snorri akuti ofa ndi matenda ndi ukalamba amapita kwa Hel, mayi wolamulira dziko la akufa, kumene ngakhale Baldr anapita, ndipo anamulandira ndi mipando yokongoletsedwa. Omira m'nyanja amatengedwa ndi Rán, mulungu wamkazi wa m'nyanja. Mu Eyrbyggja saga banja lina linkakhulupirira kuti likafa limalowa m'phiri la Helgafell pafupi ndi mudzi wawo, ndipo mbusa wina anaona phirilo litatseguka, mkati muli moto ndi phwando lolandira mwana wa pabanjapo amene anali atangomira. Zikhulupiriro zimenezi sizigwirizana, ndipo palibe chizindikiro choti eni ake zinkawasowetsa tulo.

Nanga Loki, amapembedzedwa?

Funso ili lagawanitsa magulu. Okana amati palibe umboni womveka woti akale ankamuthirira nsembe, ndipo pa nkhondo yomaliza akumenyana ndi milungu. Ovomera amati m'nkhani zambiri ndi iye amene amapulumutsa milungu, ndipo nyundo ya Thor inabwera chifukwa cha ukathyali wake. Amakumbutsanso mawu a mu Lokasenna, kuti Odin analonjeza kusamwa mowa pokhapokha Loki naye atapatsidwa. The Troth inkaletsa kutchula Loki pa miyambo yake, ndipo inachotsa chiletsocho mu 2019. Mabuku sanasinthe chaka chimenecho. Anasintha ndi anthu.

Kodi lore imaletsa munthu wakuda kukhala m'chipembedzochi?

Ayi. Maganizo ogawa anthu potengera khungu ndi a zaka mazana ochepa apitawa, ndipo analowa m'nkhanizi kudzera mwa olemba a ku Germany ndi Austria monga Guido von List, kenako chipani cha Nazi chinatola zizindikiro zina. M'ma Edda milungu imakwatirana ndi zimphona: Freyr ndi Gerðr, Njörðr ndi Skaði, ndipo mayi ake a Odin anali a mtundu womwewo.

Koma magulu osankha mtundu alipo, ndipo musadabwe mukawapeza. Lodziwika ndi Asatru Folk Assembly ku America. Mu 2016 mabungwe ambiri anasaina chikalata chodzipatula ku gululi, n'kuchitcha Declaration 127 potengera ndime 127 ya Hávamál, imene imati ukaona choipa uchitchule kuti n'choipa. Bungwe la ku Iceland nalo limakana tsankho poyera. Ngati mwaitanidwa ku mwambo ku Manchester kapena ku Johannesburg, funsani kaye kuti gululo lili mbali iti. Mawu oti muwatchere khutu ndi "folkish", amene osankha mtundu amadzitchula nawo.

Ndiyenera kudziwa chinenero chakalecho? Ndiyambire pati?

Simukuyenera, koma dziwani kuti womasulira aliyense amasankha. Ena akale ankabisa mawu otukwana a Loki, ena ankakometsa kuti ndakatulo imveke ngati nyimbo ya m'tchalitchi. Ndime ikakhala yofunika kwa inu, iwerengeni m'mabuku awiri kapena atatu, muone pamene akusiyana. Nthawi zambiri pamenepo ndi pamene liwu lakalelo silikudziwika bwino.

Ine ndingati yambani ndi gawo la Snorri lotchedwa Gylfaginning, chifukwa limasimba mwadongosolo, koma muzikumbukira zimene tanena za iye. Kenako Völuspá ndi Hávamál. Mukatopa ndi zolemera, werengani Þrymskviða, mmene Thor akuvala diresi la ukwati kuti akalande nyundo yake, n'kudya ng'ombe yathunthu ndi nsomba 8 paphwando, Loki ali pambali kupepesa kuti mkwatibwi sanadye masiku 8 chifukwa cha chikondi.

Pamene lore yangoti zii, amachita bwanji?

Ena amayang'ana nthano ndi miyambo ya kumidzi imene inalembedwa mochedwa, monga imene Jacob Grimm anasonkhanitsa mu 1835, kapena mwambo wa ku Scandinavia woikira mzimu wa pakhomo mbale ya phala pa Khirisimasi. Ena amayerekeza ndi zipembedzo za mitundu yachibale, monga Agiriki, Aroma ndi Ahindu. Ena amangoyesa n'kuona chimene chikugwira.

Chitsanzo chabwino ndi seiðr, ntchito ya kulosera. Kufotokoza kwake kwatsatanetsatane kuli mu saga ya Eiríkr Wofiira. Ku Greenland kunali njala, ndipo anaitana mayi wolosera dzina lake Þorbjörg. Wolembayo akutiuza zonse zimene anavala: chofunda chokongoletsedwa ndi miyala, mikanda ya galasi, magolovesi a chikopa cha mphaka, ndodo yokhala ndi mutu wa mkuwa. Akutiuza za mtsamiro wa nthenga za nkhuku umene anamuikira pa mpando wautali. Akutiuza kuti anadya phala la mkaka wa mbuzi ndi mitima ya nyama zonse zimene zinalipo. Mayiyo anati sangayambe popanda nyimbo yoitana mizimu, ndipo yekhayo amene ankaidziwa anali Guðríðr, mtsikana wachikhristu amene anaiphunzira kwa mayi womulera. Anakana, anamuumiriza, anaimba, ndipo onse anati sanamvepo nyimbo yokoma choncho.

Mawu a nyimboyo wolembayo sanalembe. Magulu amene amachita seiðr lero, monga la Diana Paxson ku California, amasoka chofundacho, kusema ndodoyo, kukonza mpando wautaliwo, koma nyimbo amaimba yopeka okha.